Nthutumba m'Dilowa la Kumanja

Lachiwili, 1 Julaye 2025

Mphepo ndi fumbi tsiku lonse. Ana a giledi 11 manja m'khwapa, zolemba ziii. Ine kuwafotokozela ndakatulo ngati ndilalikila nkhuku.

Apongozi anga afika kuchoka ku Magodi ndi minibasi ya masana. Adada aMtonga eniake, chipewa chomwe chija, tambala wofiila m'manja atamumanga miyendo. Mwamuna wanga Danwell wawapelekeza kuchipatala monga mwana woyamba. Bipi yakwela kwambili. Dokotala akuti akhale kuno ku boma masabata atatu, aziwaona. Saladi, mafuta ophikila aja, ayi. Mchele wongonunkhiza.

Tambala ndamumangilila ku mtengo wa gwafa. Adada akuti, "Uyo musamukhudze, Nyazimba. Ngwa tsiku lotsazikana."

Ndatsitsa mbale yawo pamwamba pa kabati. Yachitsulo, yoyela, mkombelo wabuluu, chivundikilo chosupuka mbali imodzi. Malemu amama, akazi awo, anandipatsa ndi manja awo awili chaka chomwe anamwalila: "Mbale iyi imakhala kwa wodyetsa mdala." Zaka khumi ndi ziwili ili pano. Nkhuku iliyonse ya adada yalowa m'menemo, nthutumba pamwamba monga mwa mwambo. Iwo mano a m'mbali anatha kale. Amangovundukula, kuifunafuna ndi chala, kugwedeza mutu. Akatha kudya amaisiya m'mbale, ibwelele kwa wophika. Palibe anandiuzapo tanthauzo lake. Ndimaidyela kukhichini nditaimilila, ndipo ndiye mendulo yokha imene ndalandilapo m'banja lino.

Madzulo Darius, mng'ono wa Danwell, wabwela kudzalonjela ndi mkazi wake Chipasha. Anasamutsidwa kuchoka ku Lusaka mu Meyi. Kugwada kwa mtsikanayo! Mawondo a chiBemba ali ndi mafuta awoawo. Anga analila ngati chitseko cha ofesi ya ahedi.

Ali chigwadile akuti, "Adada, kwathu kuli makina ophika popanda saladi."

Ndaseka. Ndaseka ndekha.

Lachinayi, 3 Julaye

Tinaitanidwa kwa Darius kukaona chozizwitsa. Dzina lake eyafulaya. Chakuda, chonyezimila, chakhala pa tebulo ngati mlendo wa ku unduna. Madilowa awili, kumanzele ndi kumanja, lililonse moto wake ndi nthawi yake. Mitala yeniyeni. Kulinso batani loti onse awili amalize pamodzi ndi kukhutila mofanana, chinthu chimene palibe mwamuna wa ku Magodi anachikwanitsapo.

Kumanzele nkhuku ya m'shopu. Kumanja mbatata zoduladula. Chinang'ung'udza pang'ono, kenako chinalila pii pii pii. Ngakhale utsi wa ulemu. Chipasha maso ouma, chitenge choyela, zikhadabo zonse zilipo.

Ndilembe zoona popeza buku ili ndi langa: zinali zokoma. Khungu la nkhuku lochita khwa! Ndalemba. Sindidzabwelezanso.

Chimbuya, kunyozana kwa chibale kwa aBemba ndi ife, sichinasowe. MBemba akaona wa kum'mawa sangagone osatchula mbewa. "Amake Racheal, mubweletse mbewa zanu, tiziika kumanzele." Ndinamuyankha kuti la kumanja ndi lopapatiza, nyani wa kwawo sangakwanemo pokhapokha atamupinda mchila. Adada anaseka mpaka chifuwa. Pamenepo ndinapambana.

Pa chakudya ndinagonja. Adada ananena "Yikunowa", ndiko kuti ikukoma, kawili. Kwanga amati "Yewo" kamodzi, n'kupempha madzi.

Lolemba, 7 Julaye

Holide. Ndaganiza zoonetsa dziko kuti kuphika popanda saladi sikunayambile ku Lusaka. Nsomba yootcha pa mbaula. Chibwabwa chotendela, nsinjilo ndasinja ndekha, mapewa akundiuza mpaka pano. Maso ofiila ndi utsi, malasha onyowa, wogulitsa uja Mulungu amuone.

Adada adya bwino. "Yewo, Nyazimba." Kenako, akusamba m'manja, kufunsa ngati Darius abwela ndi galimoto mawa masana.

Abwela. Aziwatenga masana alionse, akuti. Kugona kuno, kudya uko. Nyumba yanga yasanduka lesitihausi.

Racheal, mwana amene ndinamunyamula miyezi isanu ndi inayi ndikulemba mayeso a chaka chomaliza: "Mami, machipisi a kwa anti samata m'manja." Ndamutuma akasese kuseli, kumene kunali kosesa kale.

Malaiti apita kuno kuyambila m'mawa. Kwa Darius ali pa laini ya chipatala, sazima kawilikawili. Pemphelo langa la sabata ino ndi lalifupi. Sindingalilembe. Likukhudza laini imeneyo, koma odwala asavutike, Ambuye, nyumba imodzi chabe.

Lachitatu, 9 Julaye

Danwell wabwela ku nchito wokhuta. Wakhudza nyemba zanga ndi nsonga za zala ngati aopa kuzidzutsa.

Akazi ena mwamuna akabwela wokhuta amafufuza foni. Ine ndanunkhiza shati. Soseji. Ndi tsabola uja wa m'botolo amene Chipasha amawaza pa chilichonse. Ndamufunsa. Akuti anangopatuka kukaona adada, ndiye dilowa linalila iye ali pomwepo, akanatani. "Linah, ndi chakudya chabe."

Chakudya chabe. Mwamuna amene sanalankhule ndi mlongo wake mwezi wathunthu chifukwa cha mutu wa mbuzi.

Zaka zinayi pa yunivesite. Pepala langa lomaliza linali la nsanje m'mabuku a azungu, masamba makumimakumi, ndi mawu aatali amene ine ndemwe sindinali kuwamva. Anandipatsa B. Analondola. Ndinali ndisanaidziwe. Ndinalemba kuti nsanje imakhala mumtima. Bodza. Imakhala m'mphuno.

Ndipo mkaziyo alibe cholakwa chogwilika, ndicho chopweteka. Amandipatsa moni woyamba. Ananditumizila mbatata m'kontena. Ndazipatsa Racheal, ndatola ziwili iye atatembenuka.

Loweluka, 12 Julaye

Chipasha wabwela m'mawa. Wagwada pakhomo la khichini, pa simenti yozizila. Akuti adada adandaula kuti mbale zake zagalasi zimatelela, ndiwo zimazizila msanga. "Akulu anga, mungandibwelekeko mbale ija?"

Kubweleka.

Ndinaitsuka ngakhale inali yoyela. Ndinaipukuta. Ndinamuonetsa mbali yosupuka ya chivundikilo kuti asadzaganize kuti waswa ndiye. Ndinamwetulila mpaka masaya kuwawa.

Pamwamba pa kabati patsala bwalo loyela pakati pa fumbi.

Sondo, 13 Julaye

Ulaliki wa Kaini ndi Abele. Abusa sanandiyang'ane, koma sanafunikile kutelo. Ndazindikila lelo kuti nkhani ija yonse ndi ya chakudya: wina anabweletsa zamasamba, wina nyama yootcha, Wamkulu n'kusankha. Palibe anafunsapo kuti Kaini anasinja nsinjilo nthawi yaitali bwanji.

Potuluka, amayi Tryphena a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, kundigwila dzanja ndi chifundo chija chimene chimafika pamtima ngati singano: "Tamva adada anasamukila ku makina. Mwapumulako, mwana wanga." Ndati inde amama, ndapumula kwambili, ndanenepa.

Ndayang'ana mtengo wa chinthucho pa foni. Ndatseka foni. Ndaiika pansi pa pilo kuti iganizile zimene yandionetsa.

Lachinayi, 17 Julaye

Masiku atatu osalemba. Kuchonga mayeso, ndi manyazi.

Adada aonedwanso lelo. Bipi yatsika. Dokotala wakondwa, akuti chilichonse chimene akudya apitilize. Miyendo yaphwa, nsapato zikulowa. Ndinakondwa zenizeni, misozi inabwela, mdala ameneyu ananditenga ngati mwana wake pamene abale ena anali kunena kuti mkazi wa digili saphika. Kenako ndinakumbukila amene wawatsitsa bipiyo. Chimwemwe changa chinakhala ngati tiyi wogwela ntchentche: kumwa ungamwe, koma ukudziwa.

Abwelela ku Magodi pa Sondo. Azibwela mwezi ndi mwezi. Tambala aphedwa Loweluka, ndipo adada alamula: aphikidwe kwa Darius, m'makina. Aitananso mnzawo aHaswell, mkulu wa mpingo, amene nkhani ikalowa m'khutu lawo m'mawa imafika ku Chikomeni dzuwa lisanalowe.

Ndafunsa Danwell za mbale, ngati ibwela kwawo pambuyo pake. Wakanda mutu. "Adada aona Loweluka."

Chiyembekezo chilipo. Tambala uja si nkhuku ya m'shopu yoleledwa ndi malaiti. Wathamanga m'minda ya fodya zaka zitatu. Wamenya nkhondo. Ndamugwila ntchafu pomumasula: tayala la njinga. Alowe m'dilowa, tione. Ndipo msuzi makinawo adzautenga kuti?

Ndamupatsa gaga womaliza. Ndamuuza kuti alimbe.

Loweluka, 19 Julaye

Ndilembe zonse ndisanayambe kuzikongoletsa.

Ndinapita m'mawa "kukathandiza". Ndiko kuti kukaonelela. Ndinapeza tambala wadulidwa kale, mfundo ndi mfundo, palibe fupa lophwanyika. Alangizi ake anagwila nchito, ndiwapatse ulemu. Choipa koposa: anayamba wamuwilitsa mumphika ndi tomato ndi anyezi mpaka kufewa. Msuzi uli apo, wofiila bwino. Makina anali ongomalizitsa khungu. Tambala wanga anagonja asanalowe m'bwalo.

Ziwalo zazikulu anaika kumanzele. Nthutumba, chiwindi ndi mapazi kumanja, nthawi yochepa, akuti zing'onozing'ono zimapselela msanga. Anadina mabatani. Amuna anali panja pansi pa mango, adada pa mpando wamanja, aHaswell akufotokoza za mtengo wa feteleza ngati anaupanga ndiwo.

Ndiye malaiti anapita.

Laini ya chipatala! Mulungu amayankha, koma tsiku amasankha yekha. Kagalasi ka makina bii. Kung'ung'udza zii. Nkhuku ya kumanzele yoyela ngati yadwala.

Chipasha manja m'mutu. "Mayo ine!" Mbaula anali nayo kuseli, yatsopano, yosadziwa moto. Malasha anapempha kwa aneba. Ndinakoleza ndine, nditani nanga, sindingaone munthu akuyatsa malasha ndi tishu. Ndinakupiza ndi chivundikilo cha ndowa. Anatulutsa dilowa la kumanzele, tinamalizila ziwalo pa waya. Utsi unamupeza tsopano. Maso ofiila, phulusa m'tsitsi la ku Lusaka. Sindinasangalale monga ndinali kuyembekezela. Ndinasangalala pang'ono.

Darius kubwela pazenela kawili, adada amwe mankhwala, chakudya chili kuti. Mtsikana kuthamanga uku ndi uku. Anatenga mbale ija, mbale yanga, n'kuyamba kuyala. Ine maso ali pamenepo, chizolowezi cha zaka zonsezi. Chidale. Ntchafu. Mapiko. Msana. Khosi. Msuzi pamwamba. Anatseka.

Dilowa la kumanja lili chitsekele. Makina akufa salila pii pii kukumbutsa munthu.

Nkhuku ya apongozi yopanda nthutumba. Aliyense wa kuno adziwa mathelo ake. Mdala amavundukula, amafunafuna, amatsekanso osanena kanthu. Mbale imabwelela yosakhudzidwa. Funso limatsala m'mwamba: nanga wadya ndani, wamkulu kuposa ine m'nyumba muno? Pamaso pa aHaswell. Mawa lake Umanyano wonse. Ndipo mbale ikanagona kwanga lelo lomwe, popanda ine kunena liwu limodzi loipa. Sindinabise kanthu. Sindinazimitse malaiti, kupatula m'pemphelo. Kungokhala chete basi, nchito imene ndimaipempha kwa ana makumi asanu tsiku lililonse.

Ananyamula mbale ndi manja awili. Anatuluka. Ndinaona msana wake pakhonde, mfundo ya chitenge itapotoka, akuyesa kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu amene sanathamangepo lelo.

Pakamwa panga panagwilizana nane, panatseka. Manja ndiwo anandigulitsa. Manja awa analeledwa ndi malemu amama, sanapite ku yunivesite. Ndinangomva dilowa latseguka.

Ndinakuwa kuti amuna amve: "Iwe mBemba, bwela kuno! Chivundikilo chili ndi phulusa, ufuna adada adye malasha?"

Anabwelela. Ndinavundukula, ndinaika mapazi, chiwindi, nthutumba pamwamba penipeni. Zinali zitapsa kale, zofunda. Anayang'ana m'mbale, anayang'ana dilowa, anayang'ana ine. Ndinapukuta chivundikilo choyela kale ndi nsonga ya chitenge changa, ndinamukankha. Akalile pambuyo.

Ndinaonela pazenela. Anagwada. Adada anavundukula. Chala chija. Anaipeza, anagwedeza mutu, anatembenukila kwa aHaswell: "Mwana uyu analangidwa."

Analangidwa. Ine ndili kukhichini kwa eni, phulusa mpaka m'zigongono, ndikumva mendulo yanga ikuvekedwa wina, ndipo ndaipukuta ndekha.

Tinadya ife akazi m'khichini. Nyama inali bwino. Ya pa mbaula, tisaiwale.

Mbale itabwela, Chipasha anavundukula n'kukhala pansi pa simenti. Mafupa oyela, msuzi wonse wapita. Pakati nthutumba, yodulidwa pawili ndi kampeni kawo ka m'thumba. Misozi mbwee. "Akana, akulu anga. Aidula, aona kuti siinapse, aisiya."

Apa panali mwayi wachiwili. Ndikanangoti pepa, uphunzila. Ndinatopa. Ndinamuuza: adada nthutumba sadya, mano kulibe. Amaibwezela wophika. Ndiko kuthokoza kwawo.

Anapukuta maso. "Nanga kudula pawili?"

Ndinati sindidziwa, sanachitepo. Ndipo ndi zoona, sanachitepo.

Ndinatenga chidutswa chachikulu. Ndinayamba ndaziika pamodzi kuti nditsimikize kuti chachikulu ndi chiti.

Sondo, 20 Julaye

Ku siteshoni m'mawa, tisanapite ku tchalitchi. Kondakitala kulumbila kuti minibasi inyamuka "manje manje", mkati muli anthu atatu ndi thumba la kapenta. Danwell ndi Darius kukangana za mpando wakutsogolo wa adada.

Ndinagwada pambali pa chitseko kutsazika. Mawondo analila monga mwa nthawi zonse. Adada anatsitsa mawu, maso ali kwina: "Nyazimba, phulusa la dzulo lija munapukuta bwino."

Zenela la khichini ya Chipasha limayang'ana ku mango. Mdala mano alibe, maso ali nawo onse.

Ndinadikila. Ndinati tsopano anena kuti mbale ibwelele kwawo.

"Mbale ikhale kwa mng'ono wanu. Wanena ndi dokotala, si ine. Koma asatseke chivundikilo inu musanaonemo."

Ndinati yewo, adada. Ndinaomba m'manja. Ndikanatinso chiyani.

Ndiye ndakwezedwa pa nchito. Insipekita wa nkhuku. Ndimaudziwa mkwezo wotele, ku unduna amachita chimodzimodzi akafuna kukuchotsa m'kalasi mwaulemu: udindo wautali, tebulo lopanda kanthu.

Chipasha wanditumizila uthenga masana, mitima itatu yofiila, ndi funso ngati ndingamuphunzitse chibwabwa chotendela, adada anachitchula kawili sabata yatha.

Kawili. Kwa iye. Ine anandiuza "Yewo".

Lachiwili, 22 Julaye

Chingwe cha tambala chikadali pa gwafa. Palibe wachimasula.

Ndakwela pa mpando kuti ndipukute pamwamba pa kabati. Bwalo lija layamba kutsekeka lokha ndi fumbi. Ndalisiya. Ndayesa malowo ndi zikhato, m'litali ndi m'lifupi, popanda chifukwa. Soketi ili pafupi.

Danwell wandipeza ndili pamwamba pomwepo. "Linah, kapena tiyambe kusungila, tigule yathu?"

Ine? Chinthu chimene chimafa malaiti akapita, n'kubisa nthutumba ya apongozi? Ndamuuza kuti ine ndinaleledwa, sindinagulidwe m'katoni. Wapepesa. Watuluka.

Foni ndaitulutsa pansi pa pilo. Ndikungofuna kudziwa ngati amapanga ya madilowa atatu.